Ndege ikumadumpha ndikamatera, kodi ndingosiya?

Funso ili latumizidwa ndi mtsikana wina wa ku Salima, kwawo ndi cha ku Kamuzu Road, akuphunzira kuyendetsa ndege ku South Africa koma pano ali kumudzi pa holide. Akuti wakwanitsa maola 17 pa Cessna 172, kunyamuka amanyamuka bwinobwino, kukhota, kukwera, kutsika zonse zili bho, koma ikafika nthawi yotera ndege imamenya pansi n'kudumpha ngati mpira, pansi pamachita kumudzidzimutsa, pena mphunzitsi amachita kulanda chiwongolero, anzake amene anayamba nawo limodzi anapita kale solo, kuuluka okha popanda mphunzitsi. Bambo anagulitsa ng'ombe kuti apite kumeneko, ndiye akufunsa kuti mwina ine si wa ndege, ndingosiya?

Achemwali, musasiye. Ndayamba ndi pamenepo dala chifukwa ndikudziwa mmene mtima umakhalira ukamatsika m'ndege miyendo ikunjenjemera, mphunzitsi ali phee akulemba m'buku lake, iwe n'kumawerengera chamumtima kuti ola limeneli zapita mbuzi zingati. Ine ndakhala pa mpando wakumanja uja, wa mphunzitsi, zaka zambiri ndisanabwere kudzapuma kuno ku Senga Bay, ndipo ndikuuzeni, ana amene ankavutika ndi kutera si amene anadzakhala madalaivala oipa a ndege ayi. Tawerengani nokha. Pa ola limodzi lozungulira bwalo mumatera mwina ka 7 kapena ka 8, ndipo kagawo kovuta kaja, kuyambira pamene mwayamba kukoka mpaka matayala kugunda, sikakwana olo masekondi 10. Ndiye kuti pa ola lonse lomwe mwalipira ndalama zambirimbiri lija, chinthu chenicheni chimene chikukuvutanicho mwachiyeserera kwa mphindi imodzi yokha basi. Pa maola 17 anuwo chotsaniponso a poyamba aja amene munkaphunzira kukhota ndi stall, paja mapiko amasiya kunyamula ndege. Mwaona? Simunalephere, simunachichite mokwanira chabe.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi, ndipo mukaigwira iyiyi zina zonse zimabwera zokha. Mawu akuti kutera amatinamiza. M'mutu mwanu muli zoti ntchito yanga ndi kuifikitsa ndegeyi pansi, nde mukaona runway, msewu woterapo ndege uja, yayandikira manja amafuna kuithandiza kuti ifike. Ayi ndithu. Ntchito yanu ndi kuifikitsa pafupi ndi pansi, kenako kuikaniza kuti isagunde. Ikafuna kukhala mukuikaniza, ikafunanso mukuikanizanso, mpaka sipidi itatha mapiko n'kutopa, ndegeyo n'kukhala yokha. Amene amatera bwino ndi munthu amene akuyesetsa kuti asatere koma injini wabweza kale.

Popeza muli kumudzi, mawa m'mawa tapitani kudambo kumene kukudya ng'ombe mukaonerere kakowa akamatera. Sabwera chamutu n'kudzimenyetsa pansi. Amabwera motsetsereka, akayandikira amadzutsa chifuwa, mapiko tambasu, miyendo patsogolo, sipidi yonse imathera m'mwamba momwemo kenako n'kungoponda. Ndipo muonetsetse, kawirikawiri amatera moyang'anizana ndi mphepo. Palibe anamuphunzitsa koma zimene mukulipira ma rand ku Joni ndi zomwezo kkkk.

Koma kudumpha kwanuko ine ndikukayika ngati kukuyambira pa runway. Kawirikawiri kumayambira kutali, pa downwind, pamene mukuyenda chofanana ndi runway pa mafiti 1,000 kuchokera pansi. Mukachedwa kubweza throttle, chopatsira injini mphamvu chija, pamenepo, kapena mwakhotera msanga base, mbali yopingasa ija musanaloze runway, mumapezeka pa final, pamene mwaloza runway kuti mutere, muli m'mwamba kwambiri, ndiye mwana wasukulu aliyense amachita chimodzimodzi, amaloza mphuno pansi kuti afike, sipidi n'kukwera. Buku la Cessna 172S limati ndi ma flaps onse, timapiko totsitsa ta kumbuyo kwa mapiko tija, muzibwera pa sipidi ya pakati pa 60 ndi 70 knots, ambirife timaphunzitsa 65, ndipo pa runway yaifupi limati 61. Ma 172 akale ngati N manambala ake ndi otsikirapo pang'ono, nde tsegulani buku la ndege imene mukukwerayo muone nokha, osangomvera za anzanu ku hositelo. Ana ambiri amaopa stall, ndiye amawonjezera ka 5 knots ka chitetezo, kenako kenanso ka 5 ka mantha, n'kufika pa mpanda ali pa 75. Chonsecho 172S ndi ma flaps onse imachita stall cha pa 40 knots, pa 65 muli kutali nayo kwabasi.

Mwina muziti aaa 10 knots yokha ndi chiyani. Mphamvu ya chinthu chothamanga siikwera mofanana ndi sipidi, imakwera ngati sipidi kuchulukitsa ndi sipidi yomweyo, ndiye 75 poyerekeza ndi 65 ndi mphamvu yoposa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mphamvu imeneyo iyenera kuthera penapake. Komanso ndege ikafika pafupi ndi pansi, motsika kuposa kutalika kwa mapiko ake, pa 172 ndi mamita 11 kuchokera nsonga kufika nsonga, mpweya umasiya kuikoka kumbuyo ngati mmene umachitira m'mwamba, azungu amati ground effect. Ndege imangoyandama, kuyandama, runway ikutha, mtima uli thi thi thi, kenako mumatopa nazo n'kukankha chiwongolero kutsogolo kuti ikhale basi. Tayala lakutsogolo limayamba kugunda, mphuno imadumphira m'mwamba, mapiko akadali ndi sipidi nde ndege imaulukanso, inu n'kukankhanso, kugundanso mwamphamvu kuposa poyamba. Ndi mmene anthu amathyolera tayala lakutsogolo ndi kupinda propeller. Tayala limene lija silinapangidwe kuti lizilandira ndege, ntchito yake ndi kuwongolera pansi, olandira katundu ndi awiri akumbuyo aja.

Ndiye chinthu choyamba mukabwerera, sipidi pa final ikhale 65 yeniyeni, osati 65 ya pakamwa. Ndipo trim, achemwali, trim, kagudumu kopeputsa chiwongolero kaja. Nthawi iliyonse mwasintha throttle kapena mwatsitsa flaps, pukusani kagudumu kaja mpaka ndege izigwira sipidiyo yokha olo mutamasula dzanja. Ine ndinkawauza ana anga pa final kuti tandionetsa zala, akamasula ndege n'kugwetsa mphuno kapena kuidzutsa ndinkadziwiratu kuti kutera kwa lero kwavuta kale. Munthu amene akulimbana ndi chiwongolero ndi mkono wonse sangamve kanthu kakang'ono kamene ndege ikumuuza pa flare, nthawi yokoka chiwongolero pafupi ndi pansi ija. Dzanja lamanzere zala zitatu pa chiwongolero, lamanja pa throttle osachokapo. Sankhani malo amodzi pa runway, kaya manambala kaya mzere woyera wachiwiri, muziwayang'ana pa galasi lakutsogolo. Akamatsikira pansi pa galasi ndiye kuti muwapitirira, bwezani mphamvu. Akamakwera ndiye kuti simufika, onjezerani. Akakhala malo amodzi n'kumangokula, muli bwino. Pa mabwalo amene ali ndi magetsi anayi aja a PAPI, awiri oyera awiri ofiira ndiye njira ya madigiri 3, koma musawazolowere kwambiri chifukwa mabwalo ambiri a kwathu kuno mulibe zimenezo.

Tsopano maso. Apa ndi pamene ndikuganiza kuti pagona vuto lanu lenileni, chifukwa mwanena kuti pansi pamachita kukudzidzimutsani. Inu ndi wa ku Salima, njinga mumaidziwa. Wa kabaza akamadutsa pa kanjira kopapatiza ka pamzere wa munda atanyamula munthu kumbuyo, sayang'ana tayala lakutsogolo, akangoyang'ana tayala agwera m'chinangwa. Amayang'ana uko akupita. Pa 65 knots mukuthamanga makilomita 120 pa ola, mukayang'ana pansi pafupi ndi mphuno zonse zimangooneka zizwezwe, ubongo sungathe kuyeza kuti mwatsala mamita angati, ndiye mumakoka mochedwa kapena mumakoka mwamantha muli m'mwamba. Malo munasankha aja ntchito yake imatha mukangowafika. Akangolowa pansi pa mphuno, maso achoke, apite kutsogolo kutali cha kumapeto kwa runway, ndipo m'mbali mwa maso ndi mmene muzionera udzu ndi m'mphepete mwa runway zikukwera.

Tiyeni titere limodzi pang'onopang'ono. Mwadutsa mpanda, 65 knots, mwatsimikiza kuti mufika, throttle mukubweza mosathamanga mpaka yonse. Pa msinkhu wa denga la nyumba, tinene mafiti 10 mpaka 20, runway imachita ngati yatambasuka mwadzidzidzi, imafutukuka mbali zonse ziwiri. Apo kokani pang'ono, ndi zala, kungoti ndege isiye kutsetsereka iziyenda chofanana ndi pansi. Kenako dikirani. Kudikira kumeneku ndi kumene kumavuta ana, amafuna azichita kanthu. Pakapita kamphindi mumva ndege ikumira, mumamva pa mpando penipeni musanaone n'komwe, kokaninso pang'ono n'kugwira pomwepo. Yamiranso, kokaninso. Sipidi ikamatha chiwongolero chimafewa ndiye kukoka kumakulirakulira, mphuno ikukwera mpaka nsonga yake yafika cha kumapeto kwa runway kuja. Mwina hutala wa stall ayamba kulira fwiii, musachite naye mantha, pa mita imodzi kuchokera pansi kulira kwake ndi nyimbo yabwino. Kenako tswi tswi, akumbuyo agunda. Musataye chiwongolero ngati mwamaliza ntchito, gwiranibe chakumbuyo tayala lakutsogolo litsike lokha mwaulemu, mapazi akuwongola ndege pa mzere wapakati, mabuleki pambuyo.

Mukakoka mopitirira ndege n'kukwera m'malo molingana, musakankhe. Gwirani pomwepo, iyambanso kumira yokha, mwina kaphamvu pang'ono kuti isagwe ngati thumba la chimanga. Koma ikakwera kwambiri sipidi n'kukhala yatha, palibe zokambirana, go-around, kusiya zoterazo n'kukweranso kukazungulira.

Pali kanthu kena kamene aphunzitsi ambiri aamuna aatali saganizira n'komwe. Kodi mukakhala pa mpando mumaona bwino kutsogolo pamwamba pa dashibodi? 172 ili ndi dashibodi yaitali, munthu wamfupi akadzutsa mphuno pa flare runway yonse imasowa, akungoona mitambo, nde mwachibadwa amatsitsa mphuno kuti aone kumene akupita. Ndinali ndi mwana wina wamkazi amene tinavutika naye maola angapo, ine kumangoti yang'ana kutsogolo, yang'ana kutsogolo, iye kumangoti chabwino sir, mpaka tsiku lina ndili pansi ndinakhala pa mpando wake n'kudzifupikitsa kufika msinkhu wake, ndinachita manyazi, mwanayo sankaona kanthu. Tinakweza mpando mpaka pamapeto n'kuikapo khushoni, sabata yomweyo zinthu zinasintha. Ndipo mpando uzikhala malo amodzimodzi tsiku lililonse, werengani timabowo ta njanji yake, chifukwa mukasintha msinkhu wa maso chithunzi chonse chimene ubongo unasunga chimasokonekera. Mukalowa pa runway musananyamuke, tengani masekondi awiri kuyang'ana mmene pansi pakuonekera, udzu uli pati pa windo, kumapeto kuli pati pa galasi. Chithunzi chimenecho ndi chimene mukuchifunafuna pobwera.

Za go-around ndinene mwamphamvu chifukwa ine zinandionekera. Ndili mwana wasukulu, solo yanga yachitatu, masana dzuwa lili phwee, ndinabwera ndi sipidi yambiri, ndege inagunda n'kudumpha. M'malo mopita ndinati ndikonza, anthu akuonerera pa khonde paja andiseka. Inagunda kachiwiri ndi mphuno, mahedifoni anagwera pa maondo, kachitatu ndinamva chitsulo chikulira kutsogolo ndipo ndi pamene nzeru zinabwera ndinakankha throttle yonse. Nditatera bwino ulendo wachiwiri mphunzitsi wanga sanakalipe, anangozungulira ndege n'kugwada kuyang'ana tayala lakutsogolo nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti mafuta ozungulira kamodzi ndi propeller yatsopano chodula n'chiti. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi lakuti kudumpha kwakung'ono kamodzi mukhoza kugwira mphuno pamalo ake n'kuilola ikhalenso, koma kudumpha kwakukulu kapena kachiwiri, pitani. Throttle yonse, carb heat, chotenthetsera mpweya wolowa mu injini chija, mkati ngati ndege yanu ili nayo, phazi lamanja pa rudder, chopondera chowongolera mphuno chija, chifukwa ndege idzafuna kupotokera kumanzere, ndipo konzekani kukankha chiwongolero chifukwa trim ija munaitchera pa 65 idzafuna kudzutsa mphuno mopitirira. Ma flaps bwezani kufika 20 kaye, osachotsa onse nthawi imodzi ndege ingamire, ena aja muzichotsa pang'onopang'ono sipidi ikamakwera. Mphunzitsi amamulola mwana kupita solo osati chifukwa amatera mofewa ayi, koma akaona kuti zikavuta amaganiza yekha zopita osadikira kuuzidwa.

Kumene mukuphunzirako kulinso kanthu kake. Simunanene dera, koma ngati ndi cha ku Johannesburg, mabwalo ambiri kumeneko ali pa mafiti 4,500 mpaka kupitirira 5,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Yerekezani ndi kwathu, bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mafiti 4,035, pamene nyanja yathuyi ili pa mamita pafupifupi 474, omwe ndi mafiti cha pa 1,550, ndiye kuti Salima ili pansi kwambiri. Kukwera kwa malo kuphatikiza kutentha kumapangitsa mpweya kukhala wopepuka. Kawerengedwe kachidule n'kakuti digiri iliyonse imene kwatentha kuposa muyezo wa kutentha wa pa msinkhu umenewo imawonjezera mafiti pafupifupi 120. Ku Lumbadzi muyezo ndi madigiri 7, ndiye tsiku la October kukatentha 30 ndege imamva ngati ili pa mafiti 6,800. Sipidi ya pa geji siisintha, 65 ndi 65 yomweyo, musawonjezere, koma pansi pamathamanga mofulumira kuposa mmene gejiyo ikunenera, maso amakuuzani kuti mukuthamanga kwambiri ndipo mtunda woimira umatalika. Masana kotentha mpweya umakhalanso ukubwatamuka kuchokera pansi ndege n'kumagwedezeka. Pemphani kuti akuikeni m'mawa kwambiri mpweya uli bata, olo zitanthauze kudzuka 4 koloko, mpaka dzanja litazolowera.

Za mphepo ya m'mbali sindichulukitsa chifukwa pa maola 17 mphunzitsi sakuyenera kukuponyani m'mphepo yamphamvu, koma mwana wa kunyanja mphepo mumaidziwa kale, mwera ukamawomba June ndi July asodzi amakoka mabwato. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Nambala ya runway ndi kampasi yake mutachotsa ziro, runway 14 ya ku Lumbadzi yaloza madigiri 140. Mphepo ikamachokera 170 pa 16 knots, kusiyana ndi madigiri 30, ya m'mbali ndi theka, 8 knots. Kusiyana kukafika 60 ingotengani ngati yonse ndi ya m'mbali. Buku la 172 limatchula 15 knots kuti ndi imene anaiyesa, koma malire a mwana wasukulu amakhala otsika kuposa apo. Potera, phazi ndi limene limawongola mphuno kuti iloze kumene runway ikupita, dzanja limatsitsa phiko la kumene kukuchokera mphepo kuti musakokoloke, tayala la mbali imeneyo liyambe kugunda, ndipo mukagunda onjezerani kupotoza chiwongolero kumphepoko osati kuchibweza pakati. Mukadzabwera kudzagwira ntchito kuno m'ndege zolembedwa 7Q, chizindikiro cha ndege za ku Malawi, pa timabwalo ta fumbi topanda windsock, kansalu koonetsa mphepo kaja, utsi wa anthu otentha tchire ndi umene uzikuuzani mphepo, ndipo muzidzayamba mwadutsa pamwamba kuona ngati pali mbuzi kapena ana akusewera mpira. Koma izo n'zamtsogolo.

Pa nkhani ya ndalama, chimene chimadya ndalama kwambiri si kulephera koma kudukiza. Kuuluka kamodzi pa sabata ndiye kuti theka la ola mukukumbutsira za sabata yatha. Bola kusonkhanitsa ndalama n'kuuluka masiku atatu kapena anayi otsatizana. Ndipo dziwiranitu kuti mukabwerera kuchokera ku holide kuno ulendo woyamba udzakhala woipa, musadzalire, ndi mmene zimakhalira. Maola 45 amene South Africa imafuna pa PPL, laisensi yoyamba ya woyendetsa ndege, ndi ochepetsetsa ololedwa, si mpikisano, ndipo palibe kampani imene idzakufunseni kuti solo munapita pa ola lachingati. Mukafika muwapemphe aphunzitsi anu zinthu ziwiri. Choyamba atere iwo kawiri inu manja pa maondo, ntchito yanu kungoyang'ana panja n'kumanena mokweza kuti pano, pano, pamene mukuona kuti flare iyambe. Chachiwiri akuloleni kuuluka runway yonse pa mita imodzi osagunda, ndi kamphamvu pang'ono, kenako go-around. Masekondi 10 aja amasanduka 30 kapena kuposa pa ulendo umodzi, ndipo maso amaphunzira msanga. Zikakanikabe pemphani ola limodzi ndi mphunzitsi wina, si mwano umenewo, pena munthu wina amangonena chinthu chomwecho ndi mawu ena n'kulowa.

Pakadali pano muli kumudzi khalani pa mpando pakhonde madzulo, tsinzinani, muzizungulira bwalo lonse m'mutu mukuyankhula mokweza, downwind, throttle, flaps 10, trim, base, final, 65, maso kutsogolo, dikira, koka, dikira. Azing'ono anu aziseka koma zilibe kanthu, ndi ola laulere limenelo. Ndipo khushoni ija musaiwale, telala aliyense pa msika wa Salima akhoza kukusokerani, mungomuuza kuti aike siponji yolimba, yofewa ija imaphwa mukangokhalira mphindi 20 n'kupezeka mwabwerera pomwe munali.